Tikiti ya ndege yotchipa yandikopa koma ndili ndi mantha, ndithandizeni maganizo

Nachisale:
Moni nonse. Ndikufuna mundithandize maganizo inu amene mumayendayenda pandege. Mwezi wamawa mwana wa achemwali anga akumaliza maphunziro ku yunivesite ndiye ine ndi mayi tikufuna tikakhalepo, mwambo uli Lachisanu m'mawa 10 koloko. Sabata yonseyi ndakhala ndikufufuza matikiti pa intaneti ndipo ndapeza njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kampani yayikulu, tikiti imodzi mpaka kukafika, kusintha ndege kamodzi panjira, chikwama cha makilogalamu 23 chili momwemo. Yachiwiri ndi makampani awiri a ndege zotchipa, matikiti awiri osiyana, tinyamuka Lachinayi masana, pakati pake pali ola limodzi ndi mphindi 40 zodikira, ndipo mtengo wake sukufika ndi theka lomwe la yoyamba ija. Kwa anthu awiri kusiyanako ndi ndalama zambiri abale. Mtima ukundiuza kuti tenga yotchipayo koma mbali ina ndikuopa, mayi ali ndi zaka 71 ndipo bondo limawavuta. Kodi ndege zotchipazi nzodalirika? Sizigwagwa? Nanga zikachedwa amatani nanu?

Gondwe_Mdala:
Achemwali, za kugwazo zichotseni kaye mumtima. Ine ndagwira ntchito yokonza ndege zaka zambiri ndisanapume, ndipo buku limene makaniko amatsatira pa Boeing 737 kapena Airbus A320 ndi limodzi lomwelo kaya ndegeyo ndi ya kampani yodula kaya yotchipa, maola oti injini iunikidwe akakwana akwana basi, palibe amene angasaine kuti iuluke isanaonedwe. Oyendetsa ake mayeso ndi omwewo, laisensi ndi yomweyo. Ryanair inayamba kuuluka 1985, easyJet 1995, anyamula anthu mamiliyoni ankhaninkhani ndipo palibe ngozi yawo imene inaphapo wokwera. Komanso taonani ngozi ziwiri za ndege za Boeing 737 MAX zija, ya Lion Air mu Okutobala 2018 imene inapha anthu 189 ndi ya Ethiopian Airlines mu Malichi 2019 imene inapha 157, ina kampani yotchipa inayo kampani yayikulu yolemekezeka, koma gwero linali limodzi, makina amene Boeing inaika omwe ankakankhira mphuno ya ndege pansi okha. Sindikunena kuti kuumira ndalama sikunapheko anthu ayi, ku Florida mu 1996 ndege ya ValuJet inagwa n'kupha anthu 110 chifukwa cha zitini zopangira okosijeni zomwe zinalongedwa mosasamala kunsi kwa ndege n'kuyaka moto, ndipo kuchokera pamenepo malamulo a zida zozimitsira moto m'zipinda za katundu anakhwima. Chofunika kuyang'ana ndi dziko limene limayang'anira kampaniyo. European Union kuyambira 2006 ili ndi mndandanda wa makampani oletsedwa kuuluka kwawo, uli poyera pa intaneti, dzina la kampani yanu likapezeka pamenepo isiyeni. Koma ine chimene chandidetsa nkhawa pa zomwe mwalembazi ndi ola limodzi ndi mphindi 40 zija.

Tadala_K:
Asisi tengani yotchipayo musachedwe, mitengo imeneyi imakwera tsiku ndi tsiku. Ine chaka chatha chokha ndakwera ndege zotchipa maulendo 14 ndipo yomwe inachedwa kwambiri inali imodzi, mphindi 50 basi. Anthu amazinyoza ndege zimenezi koma popanda izo enafe bwenzi tikumangoziona zikudutsa m'mwamba. Ulendo wa maola awiri ndilipire kawiri chifukwa cha kathireyi ka chakudya ndi kapu ya tiyi? Ayi ndithu.

Nangozo:
Tadala mng'ono wanga, maulendo 14 akowo anali osintha ndege panjira ndi matikiti awiri, kapena ongokwera kamodzi n'kutsika?

Tadala_K:
Ongokwera n'kutsika onse achemwali, ndi kachikwama kakumsana.

Nangozo:
Ndiye ndi nkhani ina imeneyo. Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine, dzina la kampani sinditchula. Ndinagula matikiti awiri ngati mukufunira inumu, pakati panali maola awiri ndi theka ndipo ndinkaona ngati ndi nthawi yambiri. Ndege yoyamba inanyamuka mochedwa ndi ola limodzi ndi mphindi 20, kufika kuja anatitsitsira kutali n'kutikweza basi, ndiye poti matikiti ndi osiyana chikwama sichidutsa chokha kupita mundege yachiwiri, umayenera kutuluka, kudutsa pa pasipoti, kudikira chikwama palamba, kukwera m'mwamba kukachiperekanso, n'kudutsanso posecha. Pomwe ndimafika pakauntala anali atatseka mphindi 10 zapitazo. Mtsikana wa pamenepo anandiyankha mwaulemu ndithu koma mawu ake anali akuti kwa ife inuyo simunabwere, tikiti yanu yatha ntchito. Kubwerera kwa a ndege yoyamba aja iwo akuti ife tinalonjeza kukufikitsani pano ndipo takufikitsani. Onse awiri ankanena zoona, ndi pamene panandipweteka kwambiri. Ndinagula tikiti yatsopano ya tsiku lomwelo pamtengo woposa matikiti awiri oyamba kuphatikiza, ndege yake ya mawa lake m'mawa, ndinagona pampando wachitsulo nditakumbatira chikwama ndipo msonkhano umene ndinkapitira ndinaupeza uli pakati. Tsopano inu muli ndi mayi a zaka 71 bondo likuwawa, muthamanga nawo bwanji mtunda wonse uja? Chonde ganizani bwino.

Yamikani M:
Kuwonjezera pa zomwe anena a Nangozo, onaninso za viza. Mukakhala ndi tikiti imodzi nthawi zambiri mumangokhala mkati mwa eyapoti kudikira ndege yachiwiri, koma mukatuluka kukatenga chikwama ndiye kuti mwalowa m'dziko la eni, ndipo ngati pasipoti yanu imafuna viza kumeneko akhoza kukukanizani kukwera ndege yoyamba yomwe. Ambiri amadziwira zimenezi pageti.

Nachisale:
Eee za viza sindinaziganize n'komwe. Zikomo achimwene. Koma chimene sindikumvetsa, ngati ndege ndi zomwezo, okonza ndi omwewo, nanga kutchipaku kukuchokera pati?

Gondwe_Mdala:
Funso labwino achemwali, ndipo yankho lake ndi lomwe likuuzeni pomwe pali chiopsezo. Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi a Southwest ku Texas, anayamba 1971 ndi maulendo a pakati pa Dallas, Houston ndi San Antonio. Mu 1972 ndalama zitawathina anagulitsa ndege imodzi mwa zinayi zomwe anali nazo, ndiye kuti atatu otsalawo agwire ntchito ya anayi anayamba kutsitsa anthu, kukweza ena n'kunyamukanso m'mphindi 10 zokha. Michael O'Leary wa Ryanair anapita kukaona momwe amachitira n'kukazikhwimitsa ku Ulaya. Mfundo yake ndi yoti ndege ikaima pansi ikudya ndalama, ndiye masiku ano amaipatsa mphindi 25 kapena 30 pansi n'kubwereranso m'mwamba, tsiku limodzi imatha kuyenda maulendo 6 kapena kuposa. Amagula ndege za mtundu umodzi kuti zipangizo, makaniko ndi maphunziro a oyendetsa zikhale zimodzi. Amathinitsa mipando, 737-800 ya Ryanair imanyamula anthu 189. Amasankha mabwalo a ndege aang'ono olipiritsa pang'ono. Ndipo sagwirizana ndi makampani ena zonyamulirana anthu kapena katundu. Zonsezi sizikhudza chitetezo, koma zimachotsa mpata wopumira. Ndege ikachedwa mphindi 20 m'mawa chifukwa cha nkhungu, kuchedwako imayenda nako tsiku lonse kukuwonjezekera, pofika madzulo ndi ola lathunthu kapena awiri, ndipo oyendetsa maola awo ololedwa ndi lamulo akatha sangaulukenso ngakhale atafuna. N'chifukwa chake ine ndimati ngati mukukwera yotchipa tengani yoyambirira ya m'mamawa, ndegeyo inagona pomwepo ndipo ilibe ngongole ya nthawi. Yanuyi mwati ndi ya masana eti?

Nachisale:
Eya amalume, 2 koloko masana.

Tadala_K:
Koma madala tisamayankhule ngati makampani akuluakulu sachedwa. British Airways mu Meyi 2017 makompyuta awo anazima anthu pafupifupi 75,000 anasowa kolowera. Delta mu Julayi 2024 nthawi ya vuto la makompyuta la CrowdStrike ija inalepheretsa maulendo pafupifupi 7,000 m'masiku asanu. Ndipo ku South Africa FlySafair, yotchipa yomwe inayamba 2014, ndi imene imadziwika ndi kusunga nthawi. Komanso British Airways yomweyo kuyambira 2017 inayamba kugulitsa chakudya pa maulendo aafupi, makampani akuluakulu ambiri pano ali ndi tikiti yopanda chikwama, ndiye kudula kwakeko mukulipira chani kwenikweni?

Nangozo:
Palibe wakana kuti akuluakulu amachedwa Tadala. Ndipo Southwest yomwe ija mu Disembala 2022 inalepheretsa maulendo oposa 16,000 mpaka boma la America linawalipiritsa madola 140 miliyoni, ndiye mbali zonse ziwiri zili ndi mbiri zake. Chimene ndikunena ine ndi zomwe zimachitika ikachedwa. Ndi tikiti imodzi, ndege yoyamba ikachedwa n'kuphonya yachiwiri, ndi udindo wa kampani kukukweza ina popanda kulipiranso, ngati yawo palibe amatha kukuika ya kampani inzawo chifukwa ali m'migwirizano ngati Star Alliance, oneworld kapena SkyTeam. Yotchipa njira imeneyo mwina imauluka katatu pa sabata, ndege zake zimadzaza, ndiye akakuuza kuti mpando wotsatira uli Lamlungu pamene mwambo uli Lachisanu, ngakhale akubwezere ndalama zako zonse zikuthandiza chani? Mwana wavala kale gauni wajambulitsa.

Chikondi_B:
Ndilowepo pa nkhani ya malamulo chifukwa anthu ambiri amataya ndalama zawo posadziwa. Ngati ndege ikunyamukira m'dziko la European Union, kapena ikupita kumeneko ndipo kampani yake ndi ya komweko, pali lamulo nambala 261 la 2004 ndipo silisankha yotchipa kapena yodula. Mukafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa pali chipukuta misozi, mayuro 250 pa ulendo wosaposa makilomita 1,500, mayuro 400 mpaka makilomita 3,500, mayuro 600 pa maulendo aatali otuluka kunja, ngakhale tikiti munagula mayuro 30. Sapereka ngati chifukwa chake ndi chinthu chomwe sakanatha kuchiletsa monga mphepo yamkuntho, koma chakudya ndi hotelo podikira ayenera kupereka ndithu, khoti la ku Ulaya linagamula choncho mu 2013 pa mlandu wochokera ku phulusa la phiri la ku Iceland lomwe linaphulika mu 2010 n'kuimitsa ndege. UK ili ndi lamulo lofanana nalo m'mapaundi. Ku America kuyambira 2024 ndege ikalephereka kapena kuchedwa maola atatu mkati mwa dziko, asanu ndi limodzi pa ulendo wakunja, ndipo inu mwasankha kusakwera, akubwezereni ndalama, koma chipukuta misozi ngati cha ku Ulaya kulibe. Mayiko ena ambiri chitetezo chake n'chochepa. Tsono apa mvetsetsani achemwali, lamuloli limaona tikiti iliyonse payokha. Ndege yanu yoyamba ikachedwa ola limodzi ndi theka simulandira kalikonse chifukwa sanakwane maola atatu, koma yachiwiri mwaiphonya kale ndipo imeneyo ndi yanu mutu.

Yamikani M:
Ndipo kukhala ndi ufulu ndi kulandira ndalamazo ndi zinthu ziwiri. Ine ndinadikira miyezi isanu ndi iwiri, palibe nambala yoti uyankhule ndi munthu, kumangolemberana ndi kompyuta pa app imene imakuyankha zomwezomwezo. Zinabwera pamapeto pake koma ndinatopa. Sungani boarding pass, malisiti onse, ndipo jambulani bolodi yosonyeza nthawi.

Chikondi_B:
Zoona. Katundu naye ali ndi lamulo lake, pangano la Montreal la 1999 pa maulendo a pakati pa mayiko, chikwama chikaphwanyika dandaulo lolemba lifike pasanathe masiku 7, chikachedwa masiku 21 kuchokera tsiku lomwe mwachilandira. Musachoke pa eyapoti musanalembetse.

Bambo a Mphatso:
Mayi Nachisale, musanatsutsane zambiri chitani chinthu chimodzi. Bwererani pa webusaiti ija mupite nazo mpaka patsamba lomaliza lolipirira, muike zonse zomwe mufunedi. Chikwama chachikulu, anthu awiri, ndege ziwiri, kupita ndi kubwera, ndiye kuti mukulipira chikwama maulendo 8. Kachikwama kamateyala kolowa nako mkati ambiri amalipiritsanso, chaulere ndi kokwana pansi pa mpando basi. Mpando ngati mukufuna kukhala pafupi ndi mayi mulipira, mukapanda kutero kompyuta ikhoza kukuikani wina kutsogolo wina kumbuyo. Mukaiwala kuchita check-in pafoni, pakauntala ndi ndalama zina zambiri ndithu. Dzina likalakwika ndi ndalama. Boma la Spain mu Novembala 2024 linalipiritsa makampani asanu, Ryanair, Vueling, easyJet, Norwegian ndi Volotea, mayuro 179 miliyoni onse pamodzi pa nkhani ngati zomwezi za kulipiritsa chikwama cha m'manja, makampaniwo anakana n'kukatsutsa, ndiye muone kuti nkhaniyi ndi yayikulu. Kenako yang'anani dzina la eyapoti bwinobwino. Frankfurt-Hahn ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Frankfurt, Beauvais imene amaigulitsa ngati Paris ili makilomita oposa 80. Mukatera 11 koloko usiku basi yomaliza itapita, takisi yake imadya zonse munapulumutsa zija.

Tadala_K:
Izi nzoona koma ine ndimaziona mwina. Kale aliyense ankalipirira chikwama ndi chakudya kaya akufuna kaya sakufuna. Pano amene alibe katundu salipira za mnzake. Malamulo ake amalemba poyera, ukawerenga sudabwa.

Mayi Tembo:
Tadala ukunena zoona kwa munthu wa msinkhu wako, foni ili m'manja, Chingerezi ukumva, miyendo ili bwino. Ine ndinagwirapo ntchito yothandiza anthu mundege zaka zisanu ndi chimodzi, ku kampani yotchipa, ndipo amene ndinkawaona akulira pageti sanali achinyamata ayi, anali agogo amene mdzukulu anawagulira tikiti osawafotokozera za kukula kwa chikwama, amayi a ana awiri amene sanadziwe kuti mipando amasankha. Ndipo ndikupempheni nonse, musamakalipire mtsikana wa pageti. Ambiri sali n'komwe antchito a kampani ya ndegeyo, ndi a kampani ina yolembedwa ganyu, alibe mphamvu yosintha kalikonse pa kompyuta ija. Ifenso mkatimo mphindi 25 zija ndi zomwe timatolera zinyalala, kuona malamba ndi matumba a mipando, anthu ena akukwera kale, tsiku lonse maulendo anayi osakhala pansi, ndiye nkhope ikaoneka yotopa si mwano. Za mayi anu achemwali, dziwani kuti ndege zotchipa zambiri sizigwiritsa ntchito kanjira kotseka kaja kolumikiza geti ndi chitseko, anthu amayenda pansi panja n'kukwera masitepe, mvula kaya dzuwa, ndipo nthawi zina mumaima pamzere pamasitepe a mkati mphindi 20 ndege isanakonzeke. Mipando yake mpata wa miyendo ndi wochepa, masentimita 71 mpaka 76, ndipo ina siweramira kumbuyo. Kwa bondo lowawa maola awiri apirira, koma kawiri tsiku limodzi ndi kuthamanga pakati, ine mayi anga sindingawachite zimenezo.

Gondwe_Mdala:
Pali chinanso chimene sitinachikhudze, kampani kugwa iyo yeniyeni, ndikunena kutha ndalama. Phindu pa mpando umodzi ndi lochepa kwambiri ndiye mafuta akakwera kapena ndege zikaima ena sapirira. Monarch ku UK mu Okutobala 2017 inatseka usiku umodzi anthu pafupifupi 110,000 ali kunja boma n'kuchita kuwabweza. WOW air ya ku Iceland Malichi 2019. Ku South Africa 1time 2012, Mango inaima 2021, kampani ya Kulula inapita pamodzi ndi Comair mu Juni 2022. Go First ku India Meyi 2023, iwo ankadandaula za mainjini a Pratt & Whitney omwe anaimitsa ndege zawo zambiri. Spirit ku America inakapempha chitetezo cha khoti pa ngongole mu Novembala 2024. Akuluakulu nawo amagwa, koma kawirikawiri boma limawagwira dzanja. Ndiye mukamagula tikiti ya miyezi itatu kutsogolo lipirani ndi khadi la kirediti kuti banki ikuthandizeni kubweza ndalama zikavuta, ndipo inshuwalansi ya ulendo muwerenge ngati ikuphimba zimenezi chifukwa zambiri siziphimba.

Tadala_K:
Chabwino ndavomera za matikiti awiri, pamenepo ndinafulumira. Koma asisi ngati ndalama zavutadi pali njira yapakati, nyamukani Lachitatu m'mawa, mugone pomwe mukusinthira ndegepo, mukwere yachiwiri Lachinayi. Kuchedwa kulikonse sikukukhudzani.

Nangozo:
Imeneyo ndi nzeru, ine pano ndimatero ndikakhala ndekha. Kungoti muwerengere hotelo, chakudya ndi viza ija.

Nachisale:
Abale ndabwerako. Ndachita zomwe ananena Bambo a Mphatso, ndaika zikwama ziwiri, mipando yoyandikana pa ndege zonse zinayi, ndi basi yochokera ku eyapoti chifukwa ndapeza kuti yachiwiriyo ikutera kutali ndi tauni, ulendo wa ola ndi theka. Mtengo wachoka pa theka wafika pafupifupi magawo anayi mwa asanu a tikiti yodula ija. Ndaonjezera hotelo ya Tadala ija ndiye zangofanana, komanso ndaona kuti viza ikufunikadi tikatuluka. Ndagula ya tikiti imodzi, ndipo ndasankha ya Lachitatu kuti pakhale tsiku lapadera. Koma Tadala usadandaule, mwambo ukatha ine ndekha ndikufuna ndikaone mnzanga mumzinda wina, ulendo wa ola limodzi osasintha ndege, imeneyo ndatenga yotchipa ya 6 koloko m'mawa ndi kachikwama kamodzi, ndikachedwa palibe chimene chiwonongeke. Mayi Tembo, za njinga ya olumala ndipange bwanji, mayi amayenda okha koma mtunda wautali sangathe. Amalipiritsa?

Mayi Tembo:
Ku Ulaya ndi ku America ndi zaulere mwalamulo, ndipo makampani ambiri kwina konse salipiritsa. Lowani pa buking'i yanu kapena imbani foni mupemphe pasadakhale, osachepera maola 48 ndege isananyamuke, ndipo munene momveka kuti amayenda pang'ono koma mtunda wautali ndi masitepe sangathe, chifukwa thandizo lake limasiyana, wina amangomufikitsa pageti pamene wina amamukweza ndi galimoto yonyamulira mpaka pachitseko cha ndege. Mupemphe pa ndege zonse, kupita ndi kubwera, ndi posinthira pomwe. Mankhwala awo akhale m'chikwama cha m'manja osati chachikulu, ndipo muwasankhire mpando wa m'mbali mwa kanjira, mbali yomwe bondo lowawalo litha kutambasuka.